Kabokosi ka kwa owotcherera: ndalama kanasunga, koma malata anandithawa

Sabata ino yokha anthu atatu andifunsa za kabokosi kanga kachitsulo. Wina ndi mnzanga woyandikana naye benchi pamsika, wina ndi mlamu wanga, wachitatuyo sindimudziwa n'komwe, anangomva kwa anthu kuti mayi wa tomato uja anafolera nyumba ya mayi ake ndi ndalama za m'bokosi. Chaka chikamatha chonchi aliyense amakhala ndi lake loti chaka chamawa ndichita chakuti, ndiye ndati ndingolemba kamodzi, wofuna kukawotcheretsa kake adziwiretu chomwe akukagula.

Ine ndimagulitsa tomato, anyezi ndi usipa pamsika wa Kasungu. Ndalama yanga imabwera yophwanyaphwanya, ma K200 ndi ma K500, ndipo imachokanso momwemo. Madzulo ukawerenga umaona kuti lero zayenda, koma pofika kunyumba wagula makala, kasopo, mayunitsi, mwana wakuchingamira ndi nkhani ya kope, basi phindu lonse lathera m'njira. Zaka zonsezi ndinkati ndikusunga, koma chosunga chake osachiona.

Usiku wa pa 31 Disembala 2022 tinachezera kutchalitchi kudikira chaka. Nditafika kunyumba mtima uli m'mwamba, ndinatenga kope la ngongole za makasitomala n'kulemba kumbuyo kwake zinthu zisanu ndi ziwiri zoti ndichite mu 2023. Kuphunzira kusoka, kugula mbuzi ziwiri, kuchepetsa shuga mu tiyi, kusiya kukongoza anthu tomato, kusiya kukalipira ana m'mawa, ndi zina zomwe ndikuchita nazo manyazi. Bambo a kunyumba atawerenga anangoti, "Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada," n'kutembenukira kukhoma. Ndinakwiya, koma pofika pa 10 Januwale shuga anali atabwerera mu tiyi, ana ndinali nditawakalipira kale kangapo.

Chomwe chinandidula mndandanda uja ndi ulendo wa kwathu ku Santhe. Ndinagona kwa amayi, ndipo usiku kunagwa chimvula. Ndinadzidzimuka kumva gobedegobede mumdima: amayi akukoka mphasa kuthawa podontha, beseni aika apa, poto apo, chidebe cha malita 20 pakhomo la kuchipinda. Ankachita zimenezi osayatsa ngakhale tochi, chifukwa malo onse odontha ankawadziwa pamtima. Nditati ndiwathandize anati, "Gona iwe, wayenda. Ikafika pa mtondo apo ndiye kuti yatsala pang'ono kukata." Nyumba ya njerwa zootcha, yomwe malemu bambo anaisiya yabwinobwino, koma denga la udzu ndi pepala lakuda long'ambikang'ambika. Ndili m'minibasi pobwerera ndinafufuta zonse zija n'kusiya chimodzi: malata 32 a mafiti 10, monga anawerengera kalipentala wa m'mudzimo.

Owotcherera amene ndinapitako ali m'mbali mwa msewu, mwa aja amapanga mafelemu a zitseko, mawindo ndi mbaula. Timabokositi si ntchito yawo yeniyeni, amatipanga ndi zidutswa zotsala. Anayamba ndi K9,000, tinatsitsana mpaka K7,000. Anati ndikatenge mawa lake, koma ndinayendera masiku anayi. Apa sindiwanena kwambiri, nthawi imeneyo magetsi ankazimazima koopsa chiwonongekereni malo opangira magetsi a ku Kapichira ndi namondwe Ana mu Januwale 2022, moti ukafika unkapeza anyamata onse atakhala pa mafelemu kudikira kuti ayake. Ndinakatenga pa 16 Januwale, tsiku la Chilembwe litangodutsa.

Kukula kwake ngati njerwa ziwiri zosanjikiza. Kolemera ndithu, kopakidwa penti yofiira ija amapaka zitsulo, kowotcherera mbali zonse, kopanda chitseko, kopanda loko. Pamwamba pali kampata kamodzi koponyerapo ndalama. Mmisiriyo anakagogoda ndi sipanala n'kunena kuti, "Mayi, aka mukaponyamo mwaponyamo. Ngakhale abambo abwere ndi hamala sakatsegula. Mudzabwere nako Disembala tidzadule ndi galayinda." Mawu amenewo ndiwo ndinagula, osati chitsulocho.

Masamu anga anali oti K1,000 tsiku lililonse, chaka chikamatha ikhale K365,000. Ndinali nditafunsa mtengo wa malata m'mashopu atatu, ndipo ndalama imeneyo inkakwana malata onse 32, misomali, n'kutsalako ya thiransipoti.

Ubwino wake ndiunene kaye, chifukwa ulipo. Ndalama ya pa foni imandivuta chifukwa ili pafupi kwambiri. Airtel Money kapena Mpamba ndi zabwino potumizira munthu kapena kuoda katundu, koma ejenti ali pa ngodya iliyonse, ndiye m'bale akangoimba kuti zandivuta, chala chimayenda chokha. Banki mkhonde ndinalowapo zaka ziwiri. Kumeneko ndalama imaswana, koma gulu lathu linkakakamiza kuti aliyense azikongola kuti chiwongoladzanja chikwere, ndipo ine ndinkapezeka ndakongola ndalama yomwe sindinaifune, n'kuidya, kenako kumathamanga nayo. Chaka chachiwiri mayi wina anathawa ndi ngongole, pogawana mu Disembala tinatsala pang'ono kumenyana. Kabokosi alibe msonkhano, alibe chindapusa cha kuchedwa, ndipo sakuimbira foni. Komanso amakupatsa yankho loona. Munthu akati ndibwerekeko, umati ndalama ndilibe, ili m'chitsulo, ndipo sunaname. Ana anga anafika pokazolowera, wamng'ono uja ndiye ankandikumbutsa madzulo kuti amama lero simunadyetse bokosi.

Tsono vuto loyamba ndi kampata kaja. Anakadula kotakata, ndipo m'kati sanaikemo chotchinga chilichonse. Ndinazindikira zimenezi mu Febuluwale, ndipo wakuba wake sanali wina ayi, ndinali ine ndemwe.

Aliyense wa kuno akudziwa momwe Febuluwale amakhalira. Chimanga m'nyumba chatha, cha kumunda sichinache, alimi alibe ndalama, pamsika anthu amangofunsa mtengo n'kudutsa. Mwana anadwala malungo, mankhwala ena anati tikagule kufamase, mpamba wa tomato unali utalowa kale pansi. Usiku wina onse atagona ndinakoka kabokosi kunsi kwa bedi, ndinatenga sipoko ya njinga ya bambo a kunyumba, n'kuipinda kunsonga. Ndinakatembenuza chadodolido, tochi ya foni ndailuma pakamwa, n'kumakokera ndalama pakampata. Yoyamba inang'ambika pakona. Yachiwiri inatuluka bwinobwino, yachitatu ndinali nditadziwa kale kachitidwe kake. Ndinatulutsa K11,000 usiku umenewo, thukuta lili kamukamu ngati ndikuba kwa eni ake. Ndikutembenuka ndinapeza bambo ali maso, akungondiyang'ana. Anangoti, "Hamala sikatsegula, koma sipoko yanga ndiye yatsegula?" Sipokoyo mpaka lero amaitchula.

Za mwanazo sindidandaula, ndalama ndi ya moyo. Chomwe chinandipweteka n'chakuti njira itadziwika, ndinabwererakonso kawiri pa zifukwa zosamveka, ulendo wina chifukwa cha chitenje cha ukwati. Mu Malichi ndinabwerera nako kwa mmisiri uja. Sanatsutse, anaseka n'kunena kuti si ine woyamba. Anawotcherera kachitsulo kopingasa pakampatapo kuti kachepe, ndalama zili momwemo, ine mtima uli phaphapha kuopa kuti zipsa. Anathira madzi pansanza n'kukulunga mbali zonse. Sanandilipiritse. Pamenepo ndinawapatsa ulemu, ngakhale chinali chinthu choti akanachita poyamba pomwe.

Cholakwa china chinali changa, cha masamu aja. K1,000 tsiku lililonse ndi masamu a munthu wa pa malipiro a pamwezi. Ndalama ya Kasungu imayenda ndi fodya. Msika ukatsegulidwa cha mu Epulo, mabelo akayamba kulowa kumsika wa fodya wa Chinkhoma, tauni yonse imadzuka: alimi amagula usipa wa mbale yonse osanenerera, malesitilanti amaoda tomato wa chidebe, soya ndi mtedza nazonso zikugulidwa. Miyezi imeneyo ndinkatha kuponya K3,000 osamva kuwawa. Koma Januwale mpaka Malichi, K1,000 yomweyo inali ngati kudzichotsa dzino. Masiku ena ndinkaponya pochotsa pa mpamba, kungofuna kuti ndisaphonye tsiku, mawa lake n'kukaoda tomato wochepa. Kumeneko n'kudzinamiza. Ndikanayamba ndi K300 nthawi ya njala n'kudzakweza nthawi ya fodya, bwenzi sipoko ija isanagwire ntchito kachiwiri ndi kachitatu.

Koma zonsezi n'zazing'ono poyerekeza ndi zomwe zinachitika mu Novembala.

Pa 9 Novembala 2023 tinadzuka n'kumva pa wailesi kuti kwacha yagwetsedwa ndi 44 peresenti. Dola imodzi yomwe inali cha pa K1,180 inafika pa K1,700. Ine nkhani za dola ndinkaziona ngati za anthu a ku Lilongwe. Mu Meyi 2022 inagwanso ndi 25 peresenti, ndinangodandaula za mafuta ophikira n'kuiwala. Ulendo uno ndinaimva m'mafupa, chifukwa chitsulo chopangira malata chimachokera kunja, ndipo ndalama yanga yonse inali itagona m'bokosi kudikira Disembala. Sabata yomweyo ndinazungulira mashopu a hadiweya. Ena anali atatseka kaye kuti asinthe mitengo, ena ankakuuza mtengo m'mawa, masana wina. Mnyamata wa m'shopu ina, yemwe amandigula tomato, anandinong'oneza kuti, "Amayi, ngati muli nayo gulani lero." Ndinali nayo, koma inali m'chitsulo, ndipo ine ndi liuma langa ndinati ndinalonjeza Disembala, ndidikira Disembala. Milungu isanu imeneyo inandidyera malata ena.

Tinakadula pa 16 Disembala. Ndinapita ndi bambo a kunyumba, kabokosi tili titakakulunga m'chitenje ngati mwana. Mmisiri anatilowetsa kuseri kwa shedi kuti anthu asaone, anadula mbali imodzi ndi galayinda, moto uli thethethe, kenako anakanula ndi tcheziro. Fungo lomwe linatuluka ndi lija la m'nyumba yotsekedwa nthawi ya dzinja. Apa ndiye panaonekera vuto lachiwiri la kapangidwe kake: kunja anapaka penti, m'kati ayi. Kabokosi kanakhala chaka chonse pasimenti kunsi kwa bedi, chinyezi chinalowa, m'kati monse munachita dzimbiri. Ndalama za pansi, za Januwale ndi Febuluwale zija, zinali zitamatirirana, zina zitachita chuku. Kamuzu wathu wa konkuno, wa pa K1,000, anatuluka ndi dzimbiri pachipumi, a Chilembwe a pa K500 ena osaoneka nkhope. Tinaziyanika pamphasa m'chipinda, chitseko chokhoma, n'kumazimatula imodziimodzi ndi mpeni. Zambiri zinapulumuka. Zokwana K6,500 anazikana kushopu, ndinachita kuzilowetsa pang'onopang'ono pooda tomato, ena akulandira monyinyirika.

Zonse pamodzi zinakwana K287,000. Kunena zoona sindinagwirepo ndalama yangayanga yochuluka chotero, ndipo ndinalira pang'ono. Pa mtengo wa Januwale ikanagula malata 28. Tsiku limenelo inagula 19, misomali palibe.

Bambo a kunyumba ankati tingogula opyapyala aja a geji 32 kuti achuluke. Ndinakana. Pa malata, nambala ya geji ikamakwera ndiye kuti lata likupyapyala, ndipo opyapyalawo ndinawaona kwa aneba, kalipentala akangopondapo abonyoka, zaka zochepa ayamba kudontha m'misomali. Ndinatenga a geji 30 omwe ndinawafuna poyamba. Tinawakweza pa lole ya munthu wina wopita njira ya ku Mchinji, n'kukawatsitsa ku Santhe. Amayi anawasunga m'nyumba momwemo modonthamo, atawasanjika pa njerwa, ndipo dzinja lonse la 2024 anagona pambali pa malata awo, beseni lili pamwamba pake kulandira madzi. Ndikapita ankati, "Usadandaule mwanawe, ndikumawaona." Mawu amenewo ankandilasa kuposa akanandikalipira.

Ndiye chiweruzo changa pa kabokosi kotseka mbali zonse n'chakuti kamachita zomwe mmisiri analonjeza, kukutchinjiriza ku dzanja lako ndi la abale. Koma ku kugwa kwa kwacha sikakutchinjiriza, ndipo kamakumanga manja pa nthawi yomwe ukufunika kuthamanga. Ine ndinalakwitsa powerenga cholinga changa mu makwacha. Amayi sankafuna K365,000, ankafuna malata 32, ndipo lata ukaligula mu Meyi limakhala lata mpaka Disembala, wailesi inene zomwe inganene.

Chaka cha 2024 ndinabwerera kwa mmisiri yemwe uja, koma ulendo uno ndinachita kumuuza ine kapangidwe kake. Chitseko cha mahinjesi, chokhala ndi malo a maloko awiri. Penti m'kati ndi kunja, iume masiku atatu ndisanaponyemo kanthu. Kampata kochepa, kokhala ndi kachitsulo kopendekera m'kati kuti waya asakole ndalama. Timiyendo tinayi kuti kasagunde pansi. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Koma mayi inu mwaphunzira." Anati K15,000 poti zitsulo ndi ndodo zowotcherera zakwera, tinagwirizana K13,000, maloko ndinagula ndekha. Mahinjesi anaika okhota pang'ono moti chitseko chimafuna kuchikankha ndi bondo, koma china chilichonse anachita monga ndinanenera.

Kiyi mmodzi ndimasunga ine, wina ali ndi mayi wina wachikulire wa kumvano, amene saseka ndi munthu pa nkhani ya ndalama. Pakutha pa mwezi amabwera, timatsegula, timawerenga, ndipo tsiku lomwelo ndalamayo isanagone ndimapita kukagula chinthu. Ikakwana lata limodzi, limodzi lomwelo. Ikakwana atatu, atatu. Ikapanda kukwana ndimagula misomali kapena waya. Ulendo wina ndinawapempha kiyi pakati pa mwezi, anandifunsa kuti, "Wadwala ndani?" Nditati palibe, anati, "Ndiye pitani bwino, mayi, mupereke moni kunyumba." Ndinabwerera ndikung'ung'udza, koma mawa lake ndinali nditaiwala n'chomwe ndinkafuna kugula.

Mashopu ena amalola kuti uzilipira katundu n'kumusiya konko mpaka akwane. Ine sindinafune, ndinaopa kudzamva kuti mtengo wasintha muwonjezere, kapena kupeza shopu yasamuka. Lata lililonse ndinkalinyamula, wakabaza amalipinda n'kulimanga pa keliyala, n'kukaliimika kuseri kwa kabati kunyumba. Eni nyumba anafika pofunsa ngati ndatsegula hadiweya.

Chaka chimenecho sichinali chophweka, mvula inadula, chimanga chinakwera, moti Febuluwale ndi Malichi sindinagule lata ngakhale limodzi. Sindinadzikakamize. Fodya atayamba ndinathamanga, ndipo pofika kumapeto kwa Julayi malata 13 otsala aja anali atakwana, pamodzi ndi misomali ndi zotsekera pamsonga pa denga. Mitengo ya bulugamu anapereka ndi achimwene anga, kalipentala tinamulipira mothandizana. Anakhoma mu Ogasiti, kunja kuli mbee.

Amene mukufuna kukawotcheretsa kanu mwezi uno, musangotenga kopangidwa kale komwe kali pa shedi. Suzumirani pakampata ndi tochi muone ngati m'kati muli penti, ndipo lowetsani kawaya muone ngati kakufika pansi. Ndalama zachitsulo musaponyemo, zimangolemeretsa ndi kuwonjezera dzimbiri. Musakaike pasimenti, ndipo musauze anthu ambiri, chifukwa n'kolemera kwa mwana yekha, koma wakuba amakanyamula m'khwapa n'kukadulira kwawo. Kotseka mbali zonse kaja ndingakalimbikitse kwa munthu wosunga miyezi iwiri kapena itatu, monga wosonkhera fizi ya teremu ikubwerayi kapena thumba la feteleza. Kwa chaka chathunthu, ine ayi, sindingabwerezenso. Ndipo ngati chomwe mukufunacho n'chosagawika, monga njinga yamoto, chomwe simungagule chidutswachidutswa, kabokosi sindiko nzeru yake, kafunseni za akaunti kubanki kapena ku SACCO, mabungwe aja osungitsako ndi kubwerekako ndalama.

Kakale kodulidwa kaja sindinataye, bambo a kunyumba amasungiramo masipanala ndi zigamba za njinga. Katsopanoka chaka chikubwerachi kagwira ntchito ya simenti, matumba 14 oti tizire pansi pa nyumba yomweyo, ngakhale simenti ndiye sisungika nthawi yaitali ngati lata, ikangomva chinyezi yauma, moti ndiziyamba kugula mvula ikatha. Kumbuyo kwa kope la ngongole ndalemba chimodzi chokhacho. Za shuga mu tiyi sindinalembe.

Mvula yoyamba itagwa pa denga latsopano ndinawaimbira amayi pa foni ya mdzukulu wawo kuti ndimve ngati padontha. Anati sipanadonthe paliponse, koma sanagone, phokoso lake ngati anthu akumenya ng'oma pamutu, ndipo beseni analiikabe pamalo pake pa mtondo paja. Akuti ndiyambe kuganiza za siling'i.